Anthu oletsedwa sitalaka amakalira kuti?

Ku America kuno munthu akamalowa ntchito ya boma lalikulu amasaina chikalata cholumbira kuti sadzachita nawo sitalaka yolimbana ndi bomalo. Si mwambo wongokwaniritsa ayi. Lamulo limati wonyanyala ntchito achotsedwe, ndipo akhoza kuzengedwa mlandu mpaka kukagona kundende. Mwa anthu osaina chikalata chimenechi muli otsogolera ndege, aja amakhala pamwamba pa nsanja ya pabwalo la ndege, kapena m'zipinda zamdima maso ali pa radar, n'kumauza woyendetsa ndege kuti kwera, tsika, khotera kumanzere, dikira kaye mnzako atere. Ndege pafupifupi 45,000 zimadutsa m'manja mwawo tsiku lililonse. Mu 2025, kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 12 Novembala, anthu amenewa anagwira ntchito masiku 43 boma lili chitsekere chifukwa andale sanagwirizane za bajeti, malipiro osabwera, ndipo sakanatha ngakhale kuopseza kuti mawa sitibwera.

Ine ndine namwino. Ndimakhala ku Maryland, kufupi ndi Washington, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikugwira shifiti ya usiku. Ndimadziwa mmene zikope zimalemerera cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, nthawi imene umawerenga mlingo wa mankhwala mobwerezabwereza chifukwa mutu wako sukuukhulupiriranso. Ndiye ndikamva kuti munthu wotsogolera ndege akugwira maola 10 patsiku, masiku 6 pamlungu, miyezi n'kumatha zili choncho, sindifunika kufotokozeredwa zambiri. Komanso ulendo wanga uliwonse wa kumudzi umayambira pa bwalo la Dulles, kukatera ku Addis Ababa, kenako Lilongwe, ndipo mawu oyamba olondolera ndege imeneyo ndi a anthu omwewa.

Kwathu malipiro akachedwa timadziwa chimene chimatsatira. Aphunzitsi amaika choko pansi, ogwira ntchito m'makhoti amakhala panja n'kumaimba, mpaka akuluakulu a boma atatekeseka. Nanga amene lamulo lawamanga manja amakalira kuti? Otsogolera ndege a kuno amakalira kwa aphungu. Bungwe lawo, NATCA, limene limaimira antchito pafupifupi 20,000, latha zaka zoposa 35 likunola luso limodzi, logogoda pa zitseko za Nyumba ya Malamulo mpaka wina atsegule. Luso limeneli sanalisankhe mokondwa. Analiphunzira pa maliro a bungwe lina.

Bungwe loyambalo linali PATCO, lokhazikitsidwa mu 1968. Anthu amangolikumbukira ndi sitalaka ya 1981, komatu nalonso ndale linkazidziwa. Mu 1970 mamembala ake ambirimbiri ananena kuti akudwala n'kujomba ku ntchito, maulendo n'kusokonekera kwa milungu, ndipo mu 1972 Congress, Nyumba ya Malamulo ya kuno, inavomereza lamulo lowalola kupuma pantchito msanga ndi penshoni, Richard Nixon n'kulisaina. Chisankho cha 1980 chitayandikira, PATCO inachita zimene mabungwe ambiri a antchito sanachite: inaikira kumbuyo Ronald Reagan wa chipani cha Republican, kumusiya Jimmy Carter. Chifukwa chinalipo. Pa 20 Okutobala 1980 Reagan analembera kalata mtsogoleri wa bungweli, Robert Poli, yonena kuti wauzidwa za mavuto awo, kuti antchito ndi ochepa, maola ndi ochuluka, zipangizo n'zachikale, ndipo analonjeza kuti akapambana adzakonza zimenezi ndi kugwira nawo ntchito mogwirizana.

Kalata imeneyi ndimaiganizira kawirikawiri. Anthu ochenjera, amene ntchito yawo ndi kusakhulupirira kanthu mpaka atakaona pa radar, anatsamiritsa tsogolo la mabanja awo pa pepala lolembedwa ndi munthu wosaka mavoti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lonjezo la pakampeni ndi fodya wapachala.

Pa 3 Ogasiti 1981 anthu pafupifupi 13,000 ananyanyala ntchito. Ankafuna kuwonjezeredwa madola 10,000 pachaka, kugwira maola 32 pamlungu, ndiponso kupuma akakwanitsa zaka 20 za ntchito. Tsiku lomwelo Reagan anaimirira panja pa White House, anawerengera atolankhani mawu a lumbiro lija, n'kupereka maola 48 kuti onse abwerere. Pa 5 Ogasiti anachotsa ntchito anthu 11,345 ndipo analamula kuti asadzalembedwenso. Atsogoleri ena anamangidwa, zithunzi zawo ali mu unyolo n'kutuluka m'manyuzipepala. Mu Okutobala chaka chomwecho PATCO inalandidwa chilolezo choimira antchito. Chiletso chija anadzachichotsa ndi Bill Clinton mu 1993, ambiri atayamba kale moyo wina.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi zimene zinatsatira. Anthu amene analembedwa kulowa m'malo mwa ochotsedwawo anakapeza mavuto omwe aja akuwadikira: maola aatali, zipangizo zokalamba, mabwana osamva za wina. Zaka 6 zisanakwane anali atapanga bungwe lawolawo, ndipo mu Juni 1987 NATCA inavomerezedwa. Mmodzi mwa amene anayendayenda kusonkhanitsa anthu anali John Thornton, amene mu 1981 anachotsedwa ntchito n'kumangidwa. Bungwe latsopanoli linanena poyera kuyambira pachiyambi kuti njira ya sitalaka silidzaiyenda.

Ndiye limachita chiyani? Congress ili ndi nyumba ziwiri, House ya aphungu 435 ndi Senate ya maseneta 100. Abwana a otsogolera ndege ndi nthambi ya boma yotchedwa FAA, koma FAA singagwiritse ntchito dola imene Congress sinavomereze, ndipo pakapita zaka zingapo aphungu amalembanso lamulo lalikulu lofotokoza mphamvu ndi ntchito za nthambiyi. Pamenepo m'pamene pali chitseko. NATCA ili ndi akatswiri ake ku Washington amene amatsatira chiganizo chilichonse cha bilu, koma mphamvu yake yeniyeni ndi mamembala wamba. Nsanja ndi malo a radar zili ponseponse m'dziko muno, kotero aphungu ambiri ali ndi otsogolera ndege amene amavota m'dera lawo. Chaka ndi chaka mazana a iwo amasonkhana pa msonkhano wotchedwa NATCA in Washington, amaphunzitsana zokanena, kenako n'kumwazikana m'maofesi a aphungu, aliyense kwa phungu wa kwawo. Amaitananso aphunguwo kuti adzaone okha ntchito m'nsanja. Phungu akhoza kuiwala lipoti la masamba mazana, koma saiwala msanga kuimirira kumbuyo kwa mtsikana amene akulankhula ndi ndege zambirimbiri nthawi imodzi osaphonya nambala ngakhale imodzi.

Palinso ndalama, ndipo apa mtima wanga sukhala m'malo. Lamulo limaletsa bungwe kutenga zopereka za umembala n'kupatsa wopikisana pa chisankho, ndiye pamakhala thumba lapadera lotchedwa PAC, limene mamembala amaponyamo mwa kufuna kwawo. Thumba lotere limaloledwa kupatsa wandale mmodzi madola osapitirira 5,000 pa chisankho chilichonse. La NATCA ndi lalikulu ndithu, ndipo limapereka kumbali zonse, zambiri kwa a Democrat koma gawo looneka kwa a Republican. Pamwamba pa izo pali lamulo la Hatch Act la 1939, limene linafewetsedwa mu 1993, loletsa wantchito wa boma kuchita za chipani ali pantchito kapena ali m'nyumba ya boma, choncho kampeni amachita akaweruka.

Ndinakulira kumene ndalama yopita m'thumba la wandale ili ndi dzina loipa, ndipo zaka zanga za kuno sizinandisinthe. Dongosolo limene munthu amamvedwa msanga chifukwa anapereka cheke ndi dongosolo lodwala. Anzanga osamalira okalamba m'makomo, ambiri a iwo obwera ngati ine, alibe thumba lotere, ndipo phungu wawo sadziwa kuti alipo. Komabe sindingawaloze chala otsogolera ndege. Makampani a ndege ali ndi matumba awo, eni tindege ting'onoting'ono ali ndi awo, opanga zipangizo ali ndi awo, ndipo onsewa amafuna kuti lamulo la FAA lilembedwe mowakomera. Munthu amene mwamulanda sitalaka simungamuuzenso kuti asalowe pakhomo limene ena onse akulowera.

Chaka chimene chimaonetsa bwino chifukwa chake ndi 2006. Mu 1996 Congress inalola FAA kukambirana za malipiro ndi mabungwe a antchito ake, mwayi umene antchito ambiri a boma alibe, ndipo mu 1998 NATCA inapeza mgwirizano wabwino. Koma m'lamulo lomwelo munabisala kachiganizo koopsa. Kankati mbali ziwirizi zikalephera kumvana, FAA itumize maganizo ake ku Congress, ndipo aphungu akapanda kuchitapo kanthu m'masiku 60, FAA ingokhazikitsa zofuna zake. Taganizani kukambirana ndi bwana amene akudziwa kuti akangokhala chete miyezi iwiri wapambana. Mu ulamuliro wa George W. Bush, mkulu wa FAA, Marion Blakey, anagwiritsa ntchito kachiganizo kameneka.

NATCA inathamangira kwa aphungu. Ku Senate, seneta wachinyamata wa ku Illinois, Barack Obama, anabweretsa bilu yoti mkangano wotere uzikathera kwa oweruza apadera. Ku House amene anaimirira anali wa Republican, Steven LaTourette wa ku Ohio, ndipo mu Juni 2006 bilu yake inapeza mavoti 271, otsutsa 148. Unali unyinji woonekeratu, koma biluyo inalowa kudzera m'ndondomeko yofuna magawo awiri mwa atatu a mavoti, ndipo inaperewera mavoti osakwana 10. Mu Sepitembala FAA inakhazikitsa malamulo ake. Malipiro a olowa kumene anatsitsidwa ndi pafupifupi 30 pa 100 alionse, a akale ambiri anaima osakwera, ndipo panabwera lamulo la kavalidwe loletsa jinzi ndi nsapato zamasewera, kwa anthu amene ambiri amagwira ntchito m'chipinda chamdima mmene mlendo salowa. Antchito anakana kutcha malamulowo mgwirizano, popeza panalibe chimene anagwirizana. Ambiri odziwa ntchito, aja analembedwa 1981 itangodutsa, anali atafika pa msinkhu woti akhoza kupuma, ndipo anapumadi mwaunyinji. Dzenje limene anasiya silinakwiririke bwinobwino mpaka lero.

Anapirira zaka zitatu osanyanyala. Anamuthandiza Obama pa kampeni ya 2008, ndipo mu 2009 amkhalapakati otsogozedwa ndi Jane Garvey, amene kale anali mkulu wa FAA, anafikitsa mbali ziwirizi pa mgwirizano watsopano. Chimene ndimawalemekezera n'choti sanakhutire ndi kukhala ndi pulezidenti wowamvera. Pulezidenti amachoka. Anapitiriza kugogoda mpaka mu Febuluwale 2012, pamene lamulo latsopano la FAA linachotsa kachiganizo kaja n'kuikapo kuti zikavuta pabwere mkhalapakati, ndipo zikakanikabe apite kwa oweruza atatu amene chigamulo chawo chimamanga bwana ndi wantchito yemwe. PATCO inagwira kalata, NATCA inafuna lamulo lolembedwa.

Mu Epulo 2013 bajeti ya boma lonse itadulidwa, otsogolera ndege anayamba kutumizidwa ku tchuthi chosalipidwa tsiku limodzi mwa masiku 10 alionse a ntchito. Ndege zinachedwa, ndipo mlungu usanathe Congress inali itavomereza lamulo lowabweza. Sukulu za mkaka za ana osauka ndi chakudya cha okalamba, zimene zinadulidwa ndi mpeni womwewo, zinatsala zodulidwa. Aphungu amakwera ndege mlungu uliwonse kubwerera kumadera awo, ndipo kuchedwa pabwalo la ndege amakumva okha m'thupi.

Mu 2016 NATCA inadabwitsa anzake. Inavomereza bilu ya Bill Shuster, wa Republican wa ku Pennsylvania, yoti ntchito yotsogolera ndege ichoke m'manja mwa FAA ipite ku kampani yosafuna phindu, monga anachitira ku Canada mu 1996 ndi Nav Canada. Mabungwe ena a antchito a FAA ndi a Democrat ambiri anatsutsa, ndipo mu 2018 maganizowo anasiyidwa. Ineyo sindikonda kuti ntchito yoteteza miyoyo ichoke m'manja mwa boma, koma chifukwa chimene mtsogoleri wawo wa nthawiyo, Paul Rinaldi, ankapereka ndimachimva. Anali atatopa ndi ndalama zobwera modukizadukiza. Pakati pa 2007 ndi 2012 pokha Congress inangotalikitsa lamulo la FAA kwa kanthawi kochepa maulendo 23. Sukulu ya otsogolera ndege kapena makina atsopano a radar sungazikonzekere ndi bajeti ya miyezi itatu.

Kenako kunabwera kutsekedwa kwa boma kwa masiku 35, kuyambira pa 22 Disembala 2018. Ndifotokoze kwa amene ali kumudzi: kuno aphungu ndi pulezidenti akalephera kugwirizana za bajeti, nthambi za boma zimaima, antchito ena amauzidwa kukhala kunyumba, koma amene ntchito yawo ndi yoteteza miyoyo amalamulidwa kubwera osalipidwa mpaka andale atamvana. NATCA inachita zonse zimene lamulo limalola. Inasonkhana panja pa Capitol, nyumba imene aphungu amakumanira, inasumira boma kukhoti pa 11 Januwale, inagawa timapepala m'mabwalo a ndege. Otsogolera ndege a ku Canada anatumizira anzawo a kuno pizza. Pa 23 Januwale NATCA pamodzi ndi mabungwe a oyendetsa ndege ndi a othandiza anthu m'ndege anatulutsa chikalata chonena kuti sakuthanso kuyeza kukula kwa chiopsezo, kapena kudziwa nthawi imene zonse zidzaphwasuke. Zonsezi sizinasunthe andale. Pa 25 Januwale otsogolera ndege ochepa chabe, pafupifupi 10, pa malo a radar a ku Virginia ndi ku Florida, ananena kuti akudwala. Ndege zopita ku LaGuardia ku New York zinaimitsidwa, kuchedwa kunafalikira kum'mawa konse, ndipo tsiku lomwelo Donald Trump anavomera kutsegula boma. Bungwe linanenetsa kuti silinakonze zimenezo, ndipo ndimalikhulupirira: pamalo pamene anthu ndi operewera kale, ochepa akadwala zonse zimaima.

Kuperewera kwa anthu ndiyo nkhani imene NATCA yakhala ikuimba kwa zaka zoposa 10. Wofuna ntchitoyi ayenera kufunsira asanakwanitse zaka 31, amakaphunzira ku sukulu ya FAA ku Oklahoma City, kenako amatha zaka ziwiri, zitatu kapena kuposa akuphunzira pamalo asanaloledwe kugwira yekha, ndipo ambiri amagwa panjira. Akafika zaka 56 lamulo limati apume. Mu Juni 2023 ofesi yofufuza ya unduna wa zamtengatenga inapeza kuti mwa malo ofunika kwambiri, 77 pa 100 alionse anali pansi pa mlingo wa antchito umene FAA yokha inadziikira, ndipo malo a radar a New York anali ndi 54 pa 100 chabe. Dziko lonse likuperewera otsogolera ndege oposa 3,000. Apa kugogoda kunapindula. Lamulo la FAA limene Joe Biden anasaina pa 16 Meyi 2024, litadutsa ndi mavoti 88 kwa 4 ku Senate ndi 387 kwa 26 ku House, linalamula FAA kuti kwa zaka 5 izilemba anthu ochuluka monga mmene sukulu ingakwanitsire kuphunzitsa. M'dziko logawanika ngati lino mavoti otere sapezeka wamba.

Chaka chomwecho panabuka nkhani imene ine, munthu wa shifiti, inandikhudza mwapadera. FAA inalengeza kuti wotsogolera ndege azipuma maola 10 pakati pa shifiti ndi shifiti, ndi maola 12 asanalowe ya usiku. NATCA inadandaula kuti sinafunsidwe, ndipo inachenjeza kuti popanda anthu owonjezera lamuloli lingobweretsa mipata m'ndandanda imene idzatsekedwa ndi ovataimu ya anthu otopa omwewo. Ena anadabwa kuti bungwe likukaniranji mpumulo. Aliyense amene anakonzapo ndandanda ya anamwino m'wodi yoperewera anthu akudziwa kuti ankanena zoona. Patapita miyezi yochepa anagwirizana za kayendetsedwe kake ndipo maolawo anakhazikika.

Pa 29 Januwale 2025 ndege ya American Airlines yochokera ku Wichita inawombana ndi helikopita ya asilikali pamwamba pa mtsinje wa Potomac, pafupi ndi bwalo la Reagan National, ndipo anthu 67 anafa. Ndi pafupi ndi kwathu kuno. Ofufuza apeza zinthu zingapo, kuphatikizapo kuti helikopitayo inali pamwamba kuposa mlingo wololedwa, ndiponso kuti usiku umenewo wotsogolera mmodzi ankayang'anira ndege ndi mahelikopita omwe. Ngoziyi itachitika aliyense ku Washington analankhula za chitetezo, ndipo mu Julayi Congress inaika madola 12.5 biliyoni okonzera zipangizo. Patangopita miyezi itatu, aphungu omwewo anasiya anthu ogwiritsa ntchito zipangizozo opanda malipiro.

Chakumapeto kwa Okutobala ndinaperekeza mnzanga pa Reagan National ndipo ndinapeza otsogolera ndege pakhomo, amuna ndi akazi, akugawa timapepala pa nthawi yawo yopuma. Mlungu umenewo anali atalandira pepala la malipiro lolembedwa ziro. Kapepala kamene ndinalandira sikanadzudzule chipani chilichonse, kankangopempha kuti tiuze aphungu athu atsegule boma. Mtsogoleri wa NATCA wa pano, Nick Daniels, anagwira mzere womwewo masiku onse 43. Atolankhani ankamukakamiza kuti atchule wolakwa, iye osatchula. Bungwe linachenjezanso mamembala ake kuti kupangana kujomba n'kuphwanya lamulo ndipo kukhoza kuwachotsetsa ntchito. Chaka cha 1981 chikadali m'mitima mwawo. Ena anayamba kuyendetsa Uber kapena kuperekera chakudya m'makomo akaweruka, kenako n'kubwerera pa radar. Nduna ya zamtengatenga, Sean Duffy, inanena kuti opuma pantchito anafika 15 mpaka 20 patsiku, pamene kale ankakhala pafupifupi 4. Pa 7 Novembala FAA inayamba kuchepetsa maulendo pa mabwalo 40 akuluakulu, kuyambira 4 pa 100 alionse ndi cholinga chofika 10, ndipo patangopita masiku 5 boma linatsegulidwa.

Pakati pa zonsezi Pulezidenti Trump analemba pa intaneti kuti amene anajombapo adulidwe malipiro, ndipo amene sanaphonye tsiku alandire madola 10,000. Pomaliza pake FAA inati olandira ndi 776 okha, kuphatikiza otsogolera ndege ndi amisiri okonza makina. Zimenezi zinandipweteka ngati namwino. Wotsogolera ndege ali pansi pa malamulo okhwima a zaumoyo, moti ngakhale mankhwala ena wamba a chimfine, aja opatsa tulo, amamuletsa kukhala pa radar. Amene sanagone chifukwa cha lendi ndi ngongole, n'kuona kuti lero mutu sukugwira, akanena kuti sangathe amakhala kuti wachita ntchito yake. Ine sindifuna namwino wa malungo pa bedi la mwana wanga, ndipo sindifuna wotsogolera wodzikakamiza chifukwa cha mphoto pamene ndege yanga ikutera.

Tsono nali limene likundidya. Bungwe limene linasintha lamulo la mikangano ya pantchito, limene linakakamiza boma kulemba anthu ambiri, limene limalandiridwa m'maofesi a zipani zonse ziwiri, lalephera kupeza chinthu chaching'ono kuposa zonsezi: kuti anthu ake azilipidwa boma likatsekedwa. Bilu yake ilipo, dzina lake Aviation Funding Stability Act. Peter DeFazio wa ku Oregon anaibweretsa mu 2019 kutsekedwa kuja kutangotha, aphungu oposa theka la House anaisainira, koma sinafike povoteredwa ndi nyumba yonse. Mu 2025 seneta Jerry Moran, wa Republican wa ku Kansas, kumene ndege ya pa Potomac ija inachokera, anaibweretsanso. Ndalama zake si zopempha kwa wina. Pali thumba la boma lotchedwa Airport and Airway Trust Fund, limene limadzaza ndi misonkho ya matikiti ndi ya mafuta a ndege. Pa tikiti ya ulendo wa m'dziko muno timalipira 7.5 pa 100 alionse, ndipo ifenso opita kumudzi timalipira msonkho wotulukira ndi wolowera. Biluyi ikungoti boma likatsekedwa, FAA izitunga m'thumba limenelo.

Zifukwa zoikanira zimamveka. Makomiti ogawa bajeti safuna kutaya mphamvu yawo pa ndalama iliyonse. Ena amafunsa kuti bwanji otsogolera ndege okha, nanga ofufuza katundu pabwalo la ndege, alonda a ndende, osamalira asilikali opuma, ndipo funso limenelo ndi lachilungamo. Koma pali chifukwa china chimene otsatira ndale za kuno amachinena mosabisa: kuvutika kwa pabwalo la ndege ndiko kumatha kutsekedwa kwa boma. Mu 2019 ndi mu 2025 andale anagonja ndege zitayamba kuima. Mukawalipira otsogolera ndege, boma likhoza kukhala chitsekere miyezi, osauka okha ndiwo akumva kuwawa. Ndiye chimene chimapangitsa aphungu kuwatsegulira chitseko n'chomwecho chimene chimapangitsa aphunguwo kusafuna kuwamasula. Amawafuna akhale pamalo poti akhoza kuthyoka, chifukwa kuthyoka kwawo ndiko kumathetsa mkangano umene andale alephera kuthetsa okha.

Sindivomereza zimenezo. Ngati boma lotsekedwa likuzunza anthu, aphungu apeze njira yoti lisamatsekedwe, kapena alipire onse amene akuwalamula kubwera ku ntchito, kuyambira wotsogolera ndege mpaka mlonda wa ndende. Kugwiritsa ntchito tulo ta munthu amene wanyamula miyoyo mazanamazana ngati chokakamizira mnzako wandale n'kusewera ndi miyoyo imeneyo, ndipo tsiku lina kuthyokako sikudzakhala kuchedwa kwa ndege chabe.

Boma litatsegulidwa, Daniels anakaonekera pamaso pa komiti ya Senate yoona za ndege, imene wapampando wake anali Moran, kukapemphanso lamulo lomweli. Ndalama zimene Congress inavomereza pa 12 Novembala zinali zoti zithe pa 30 Januwale 2026. Ine ndinatenga unzika wa kuno ndipo ndimavota, choncho ndinaimbira ofesi ya phungu wa dera langa ndi za maseneta awiri a Maryland. Woyankha amafunsa dzina ndi nambala ya dera limene ukukhala, n'kulemba mbali imene waima. Ndinawauza kuti ndine namwino wa usiku, kuti ndikufuna biluyi ivoteredwe tsiku limenelo lisanafike, ndiponso kuti alipire ena onse olamulidwa kugwira ntchito. Ndinatsimikiza mtima kuti aphungu akabwerako ku tchuthi cha Khirisimasi ndidzaimbanso.